Chitseko cha M'buku la Faith

"Ndati wakuuza ndani kuti uziseka choncho kunyumba kwa eni?"

Selina anaponya chikwama pampando, nsapato za kuntchito zikadali kuphazi. Faith, mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, anaima pakona pafupi ndi ndowa ya madzi, buku atalikumbatira pachifuwa, maso ali pansi.

"Amake Faith, mwangofika kumene," anatero mwamuna wake Abednego, yemwe ankachotsa simenti youma pa mabuti ake. "Takhalani kaye pansi. Kuseka kwa mwana kwasanduka mlandu?"

"Bambo ake Faith, musandiyambe. Ndatsika basi apo, ndikumva mwana akuseka kuchokera pa shopu ya Msomali paja. Mumtima ndikuti kodi mwana wa ndani wokondwa chotere? Kufika pafupi, ndi wanga! Wanga yemweyu, amene muno sanena ngakhale moni. Ali pamiyendo pa amake Nuhu, mano ali mbee, Chichewa chikungotuluka ngati madzi a pampopi. Kungondiona ine, zii. Ngati ndazimitsa wailesi."

"Tsitsani mawu, akumva."

"Amve! Ndikuopa ndani?"

Kumva ankamvadi. Mu Joe Slovo Park, kuno ku Kepi, nyumba zathu za malata zimagundana misana, munthu ukayetsemula woyankha ndi wa nyumba inayo. Kuseri kwa lata limenelo kunkakhala Zuhra, mayi wa ku Namwera, wogulitsa mandasi ndi samusa pakhomo pake. Tonse tinkamutchula amake Nuhu, ngakhale Nuhuyo palibe anamuonapo ndi maso kupatula pa foni, poti anatsala kumudzi ndi agogo ake. Ndi Zuhra amene ankakatenga Faith kusukulu ndi kukhala naye mpaka madzulo, chifukwa Selina ankalera mwana wa madamu ku Table View ndipo ankabwera dzuwa litapendeka.

"Bweretsa kuno chimenecho," anatero Selina.

Anatsomphola bukulo m'manja mwa mwana n'kuyamba kulivundukula mwaukali. Tsamba loyamba, kamtsikana kovala nsapato zofiira. Lachiwiri, galu wathawa ndi nsapato imodzi. Kenako kamtsikana kakuthamanga m'tinjira ta pakati pa nyumba, kudutsa pa takisi, pa mpopi, mpaka kwa mayi wina wokazinga zinthu m'mbali mwa msewu.

"Buku lanji lopanda ndi chilembo chimodzi chomwe? Ana a eni dziko akuwapatsa mabuku a mawu, athu akuwapatsa zithunzi ngati opepera. Ndi tsankho limeneli!"

"Kalasi yonse alandira omwewo," anatero Abednego. "Aphunzitsi akuti mwana aziona zithunzi n'kumanena yekha nkhaniyo, m'chinenero cha kunyumba. Akuti mutu umatseguka."

"Chinenero cha kunyumba ino ndi Chingelezi. Ndinanena kale. Mukufuna azimuloza m'takisi kuti kwerekwere, kumunyoza kuti ndi wobwera, monga amatichitira ife? Ine ndikuvutika kuti mwana alankhule ngati munthu, wina ali kuseriku kumubwezera kumudzi."

"Nanga inu kuntchito kwanu simuonera mabuku oterewa ndi mwana wa madamu?"

"Imeneyo ndi ntchito!"

Anaponya bukulo pansi, n'kulowa kuchipinda. Chipindacho anachidula Abednego ndi mathabwa otsala ku ntchito ya zomangamanga, n'kuikapo chitseko chakale cha buluu chimene bwana wake ankafuna kutaya. Selina anachimenyetsa mpaka malata onse anayankha. Faith anatola buku lake, n'kulipukuta fumbi ndi diresi.

Tinene zoona, Selina sanali mayi woipa. Ankadzuka kukadali mdima, kusita yunifolomu ya mwana, kumangira chakudya m'kabokosi, ulendo kukakwera basi. Tsiku lonse ankanyamula mwana wa eni, kumuimbira, kumusekerera ngakhale msana ukupweteka. Pofika kunyumba kuseka konse kunali kutathera ku Table View. Koma nsanje sifunsa kuti watopa kapena ayi. Inamulowa madzulo amene aja, ndipo inayamba kumudya ngati chiswe.

Lamlungu lotsatira atabwera kutchalitchi, Selina anagona kuchipinda, foni ataisiya patebulo. Faith anaitenga. Ana a masiku ano foni saphunzitsidwa. Anakapeza kavidiyo kamene madamu anatumiza, kolembedwa ndi timitima tambirimbiri. M'kavidiyomo amayi ake anali atakhala pa kapeti, kamnyamata ka tsitsi loyera kali pamiyendo, buku la zithunzi lili patsogolo. Amayi ake ankauwa ngati galu, kulira ngati mphaka, kufufumitsa masaya, kamnyamata kakugubuduka ndi phwete.

Faith anakaonera kavidiyoko, n'kukabwereza, n'kukabwerezanso.

"Adadi, amenewa ndi amayi?"

Abednego anali pa mpira wa pa foni yake. Anangosuzumira pang'ono. "Eya, ndi amayi ako ali kuntchito."

"Amatha kuuwa?"

"Kawafunse wekha," anatero, maso atabwerera kale ku mpira. Abambo enanu, Mulungu akukhululukireni.

Mwana anatenga buku lake, n'kukaima pa chitseko cha buluu chija. Anaima nthawi ndithu, phazi lina likukanda linzake. Kenako anagogoda ndi kachala kamodzi.

"Amayi... galu waba nsapato."

"Speak English, Faith!" anatero mawu m'katimo. "Ndipo ndatopa. Usandisokose."

Faith anaimabe pang'ono. Atatero anatuluka panja, n'kukhotera kwa amake Nuhu. Sipanapite nthawi, kuseri kwa lata kunamveka galu wa munthu wamkulu akuuwa, "Hu! Hu! Hu!", ndi mwana akukuwa kuti, "Anti, thamangani, walowa pansi pa takisi!" Selina anatsegula maso pabedi paja. Tulo tonse tinabalalika. Anagona chagada, kumvetsera mwana wake akupatsa munthu wina mawu onse amene iye sankawamva.

Loweruka linalo zinaphulika. Unali m'mawa, mphepo ya ku Kepi ikuulutsa mapepala, anthu ali pamzere pa mandasi a Zuhra. Faith anali atakhala pa kreti pambali pake, akumuonetsa tsamba lina.

"Awa ndi inu anti," ankatero, akuloza mayi wokazinga wa m'buku uja. "Mwamugwira galu mchira."

Selina anamva zimenezo ali ndi beseni la zochapa m'manja. Analitsitsa pansi.

"Amake Nuhu, ndikufuna ndikufunseni pamaso pa anthu. Mwana wangayu mukufuna mumutenge?"

Zuhra anaseka, kuyesa nthabwala. "Achemwali, ndimutengere kuti? Kanyumba kanga nkomwe mukukaonaka."

"Sindikuseka nanu. Mwana kwathu salankhula, sadya bwino, sandiyang'ana kumaso. Akafika kwa inu ngati wamwa mowa. Tsopano mwalowa mpaka m'mabuku ake. Mwamuchita chiyani?"

"Palibe chimene ndamuchita. Amabwera ndi buku lake, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma zithunzi ndimaona. Ndimangomufunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani, iye n'kumanena. Basi. Inunso mutamufunsa akhoza kukuuzani."

"Mundiphunzitse kulera inuyo? Inu amene wanu munamutaya ku Namwera ngati katundu?"

Zuhra anagwira chipande chili m'mwamba, mafuta akudontha.

"Sindinamutaye," anatero motsitsa. "Walahi, sindinamutaye. Ndimamuimbira tsiku lililonse. Dzana anandifunsa kuti kodi ndinu wamtali kapena wamfupi. Mukuganiza kuti sizindipweteka? Faith akakhala apa mtima wanga umatsikako pang'ono. Ngati ndalakwa pamenepo, pepani."

Munthu wina akanamva chisoni. Selina anamva mawu amodzi okha, akuti mtima umatsika. Ndiye kuti mwana wake ndi mankhwala a mtima wa munthu wina?

"Mwamva nonse? Wavomera yekha! Wanu ali kumudzi, ndiye mwati mudzitonthoze ndi wanga. Tsono tiuzeni, m'mandasi mukumudyetsa tsiku ndi tsikuwa mumaikamo chiyani? Mwana sangaiwale mayi ake popanda kanthu. Mumaikamo chiyani?"

"Achemwali, opani Mulungu!"

Mayi wina amene anali atalandira kale mandasi ake anawayang'ana, n'kuwabweza pa tebulo mwakachetechete. Wina kumbuyo anachoka pamzere ngati wakumbukira china. Selina anakoka Faith pa dzanja, buku linagwa, mwana analitola ndi dzanja linalo akukokedwa.

Madzulo a tsikulo Abednego anayesa kulankhula.

"Amake Faith, mawu mwanena aja ndi olemera. Munthu uja amadya ndi mandasi amenewo. Mwaona ndi maso anu akuika kanthu?"

"Ndaona mwana wanga akusanduka wa eni. Sizikukwana?"

"Nanga akaweruka kusukulu azikhala ndi ndani?"

"Azibwera ndi ana anzake a mumzere uno. Ndimumangira kiyi m'khosi. Alowe, adzitsekere, aonere makatuni a Chingelezi mpaka tibwere."

"Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi yekha m'nyumba ya malata? Moto utabuka?"

"Ndiye siyani ntchito muzikhala naye inuyo, poti ndinu wachifundo."

Abednego anakanda m'mutu, n'kutenga foni yake. Nkhani inathera pomwepo, monga zinkathera nkhani zonse za m'nyumba imeneyo.

Bodza m'Joe Slovo silikwera takisi, koma limafika msanga kuposa takisiyo. Pofika Lachitatu akuti Zuhra amasambira madzi okandira ufa. Pofika Lachisanu akuti Nuhu kulibe, anamupereka kuti bizinesi iyende. Anthu omwe ankadya mandasi ake chaka ndi chaka, Amalawi anzake enieni, anayamba kulambalala pakhomo pake atagwira ana awo pa mkono. Ife tomwe, tisaname, tinasiya kugula. Mandasi ankauma m'beseni mpaka madzulo.

Faith naye ankabwera kusukulu, kiyi ali lende pachifuwa, kulowa, kutseka. Masiku oyamba Zuhra ankagogoda pa lata n'kufunsa chapansipansi kuti, "Wadya, mwanangu?" Mwana ankagogodanso kawiri, osayankha ndi pakamwa, poti anauzidwa kuti akangolankhula ndi mayi ameneyo aona. Kenako kugogodako kunaleka.

Selina anapambana. Kuseri kwa lata sikunkamvekanso kuseka. Koma chimene ankayembekezera sichinabwere. Ankaganiza kuti mawu amene ankapita kwa amake Nuhu tsopano akhotera kwa iye, ngati madzi ukatseka ngalande ina. Ayi ndithu. Mwana anangouma. Ukamufunsa za kusukulu, "Fine." Wadya? Kugwedeza mutu. Selina anamugulira chidole cha tsitsi lalitali, mwana anati "Thank you" ngati akuthokoza mlendo, n'kuchiika pawindo.

Tsiku lina kunagwa mvula yoti ntchito ya zomanga inaima, Abednego anakamutenga yekha mwana kusukulu. Anabwerako nkhope itagwa. Selina atafika, anamupeza atakhala, foni ili m'thumba.

"Aphunzitsi anandiimitsa," anatero. "Akufunsa ngati kunyumba kwagwa maliro."

"Maliro a ndani?"

"Akuti Faith ndi amene ankatsogolera kalasi pa nthawi ya mabuku a zithunzi. Ankaimirira kutsogolo, kusakaniza Chichewa, Chingelezi ndi Chikhosa, ana onse kumaseka za galu uja. Akuti ndi Chingelezi chomwe chinayamba kumuyenda chifukwa cha nkhanizo. Tsopano masabata awiri sanatsegule pakamwa. Akamupatsa buku amangoligwira. Andifunsa kuti amene ankaonera naye buku kunyumba uja wapita kuti."

"Munayankha chiyani?"

"Ndikanayankha chiyani? Kuti tinamuthamangitsa?"

"Bwanji inuyo osaonera naye, ngati n'zophweka?"

"Ndayesa lero. Wangondiyang'ana ngati ndabwera kudzawerenga mita ya magetsi. Ine ndi mlendo kwa iye, amake Faith, ndavomera. Inunso ndinu mlendo. Munthu mmodzi yekha amene sanali mlendo ndi uja munamuyalutsa pamzere."

Selina anatembenuka. Anayang'ana mwana wake, yemwe anali pakona pake paja akuyang'ana makatuni opanda phokoso. Anaona kachingwe ka kiyi katasiya mzere pakhosi pake. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba sunawawire Zuhra.

Anapirira mpaka Lamlungu. Atabwera kutchalitchi sanavule ndi chitenje chomwe. Anaima pakhomo nthawi yaitali akukonza mawu. Sankafuna kupepesa kwenikweni, Selina kupepesa kunkamuvuta ngati kumeza mwala. Ankangofuna kunena kuti mwana akhoza kumabwerako pang'ono, bola Chingelezi chisaiwalike. Anazungulira n'kukagogoda kwa Zuhra.

Anatsegula mnyamata wachilendo, burashi ya penti ili m'manja.

"Amake Nuhu alipo?"

"Amayi a mandasi aja? Akuti anasamuka Lachinayi masana. Achimwene awo anabwera ndi kagalimoto, akuti apita ku Delft. Ine ndalowa dzulo."

"Delft mbali iti?"

"Kaya. Delft ndi yaikulu, mayi."

Selina anasuzumira m'kati. Munalibe kanthu, koma fungo la mafuta a mandasi linali likadali m'malata. Pamene pankakhala kreti ya Faith panali chidebe cha penti.

Anabwerera kunyumba. Abednego anali atapita kokameta. Faith anali pansi, buku lija lili pamiyendo, losatsegula.

"Faith."

Mwana anadzutsa mutu.

"Unadziwa kuti anti asamuka?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Ndiye kuti anaonera pawindo, atadzitsekera, katundu akukwezedwa, ndipo masiku onsewa sanauze munthu.

Selina anavula nsapato za kutchalitchi. Anakhala pansi, pa simenti pomwepo, monga ankakhalira pa kapeti ku Table View. Mawondo analira.

"Bwera, tione buku lako," anatero m'Chichewa.

Faith anamuyang'ana mokayika, ngati pali msampha.

"Bwera, mwanangu. Nena m'chinenero chilichonse. Sindikalipa."

Mwana anasendera, koma pamiyendo sanakhalepo. Anatsegula masamba oyamba. Selina anayesa mawu ake a kuntchito aja. "Hu! Hu! Taona galu wakuba uyu!" Mawuwo anamveka achilendo m'nyumba mwake momwe. Faith sanaseke. Anangoyang'ana pakamwa pa amayi ake, kenako pa foni imene inali patebulo.

"Uyu ndani?" anafunsa Selina, akuloza kamtsikana ka nsapato zofiira.

"Ine," anatero Faith, mawu ali okwinyika ngati chovala chokhalitsa m'sutikesi.

Mtima wa Selina unadumpha. Walankhula! "Eya, ndiwe! Nanga kenako chinachitika n'chiyani?"

"Galu watenga nsapato yanga. Ndikumuthamangitsa. Ndagwa apa. Bondo latuluka magazi."

"Pepa, mwanangu. Nanga awa a pa takisiwa?"

"Adadi. Akuyang'ana foni."

Munthu wa pachithunziyo analidi atawerama, akuyang'ana kanthu m'manja. Selina anagwira ngodya ya tsambalo. Anavundukula. Mayi wokazinga uja anatulukira, atagwira galu mchira. Tsamba linalo anali atagwada, akuveka kamtsikana nsapato, dzanja lina likupukuta misozi yake.

"Awa ndi anti," anatero Faith asanafunsidwe. Anasisita chithunzicho ndi chala.

Nsanje ija inadzukanso, Selina anaimva ikukwera pachifuwa, yotentha ngati kale. Anaimeza. Anavundukula masamba onse mpaka kumapeto, kubwerera, kufunafuna. Panali mayi wina wonyamula ndowa pa mpopi, wina woyanika zovala, wina wobereka mwana. Aliyense wa iwo akanatha kukhala iye.

"Nanga ine?" anafunsa. "Ine ndili pati m'bukumu? Ndi awa a pa mpopiwa?"

Faith anapukusa mutu.

"Awa oyanika zovalawa?"

Anapukusanso. Anatenga bukulo, n'kubwerera ku tsamba lachiwiri, pamene galu ankathawa ndi nsapato. Kumbuyo kwa kamtsikana kolira kuja kunali nyumba, ndipo nyumbayo inali ndi chitseko cha buluu, chotseka. Selina anali atadutsa tsambalo kangapo osachiona. Mwana anaika chala pa chitsekocho.

"Muli umu," anatero monong'ona. "Mwatopa. Tisasokose."

Selina anatembenuka kuyang'ana chitseko cha kuchipinda kwake. Anabweza maso pa buku. Zithunzi zinayamba kusambira m'misozi.

"Tagogoda, mwanangu," anatero Selina. "Tagogoda tione. Mwina atsegula."

Faith anayang'ana chitseko cha m'bukucho nthawi yaitali, kachala kali pomwepo. Kenako anakachotsa.

"Satsegula," anatero. "Ndinayesa kale."

Anatseka buku, n'kukaliika m'chikwama cha kusukulu.